Dikirani limere

Ku Limbuli, ukafunsa za kalongonda, anthu amene anakhalitsa pamsika amatchulabe dzina la Katarina. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi pamene akabaza amaimika njinga, ali ndi beseni lophimba ndi nsalu yoyera, botolo la mchere ndi kambale ka tsabola. Kalongonda si nyemba zoti aliyense n'kungotereka. Amafuna kuwiritsa, kutaya madzi, kusenda, kuwiritsanso, kutayanso madzi, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka, ndipo wophika akachita ulesi n'kudumpha madzi amodzi, banja lonse limaona denga likuzungulira. N'chifukwa chake kalongonda sagula kwa munthu wosamudziwa. Wa Katarina anthu anadya osanunkhiza kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Ntchitoyi anaitengera kwa mayi ake, amene anawoloka mtsinje wa Muloza nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki atasenza kathumba ka mbewu, dzanja lina atagwira Katarinayo ali kamtsikana ka zaka zisanu. Mwamuna wake anali Pilato, wakabaza, munthu wamfupi wosatha nthabwala pakamwa. Masana aliwonse ankabwera pabeseni, kudya osalipira, n'kumauza anzake kuti iye ndi wolawa wotumidwa ndi boma. Mwana anali naye mmodzi, Dyna, amene ankakhala ndi mwamuna wake ku Chinakanaka. Moyo wawo sunali wa nkhani. Ukanapitirira choncho, bwenzi palibe chokamba.

Chotupa chinayamba m'bere lakumanzere, chaching'ono ngati njere ya nandolo, chosapweteka. Katarina anachisunga miyezi isanu osauza munthu, monga timachitira tonse, kuyembekeza kuti chobwera chokha chipitanso chokha. Pamene ankafika kuchipatala cha paboma chinali chitakula, ndipo kumeneko sanachedwe naye, anamutumiza ku Blantyre. Ku Blantyre anatchula dzina la matendawo, khansa, n'kuchotsa berelo. Kenako anamulembera mankhwala a m'diripi amene odwala anzake ankawatcha kemo, kasanu ndi kamodzi, masabata atatu aliwonse. Namwino amene anamubaya tsiku loyamba anamuchenjeza kuti tsitsi lithothoka.

"Koma limera, mayi, musadandaule," anatero namwinoyo. "Mukangomaliza mankhwala limera, mwinanso lokongola kuposa ili."

Katarina anawasunga mawu amenewo mumtima, ndipo paulendo uliwonse ankawabwereza kwa Pilato, amene ankamukweza panjinga mpaka pasiteji, akupalasa pang'onopang'ono, kulambalala kadzenje kalikonse.

Tsitsi linayamba kuthothoka atalandira kachiwiri. Ankalipeza papilo, pamphasa, m'beseni losambira, ndipo akangokanda pang'ono linkatsalira m'zala. Bere sanalilire kwambiri, chifukwa linali litamuzunza, koma tsitsili linkamuliza m'mawa uliwonse. Pamutu panatsala zigamba, apa tsitsi, apa khungu. Lamulungu lina masana, oyandikana nawo atapita kumphakati, Pilato anabwera ndi lezala latsopano ndi sopo, n'kuika mpando kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nthochi.

"Khalani apa, amake Dyna. Tichotse zotsalazi, musamalire pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku."

"Mwapenga kodi?" anatero Katarina. "Mwamuna sameta mkazi wake. Mkazi amametedwa mwamuna atapita."

"Ndiye bola ndikumeteni ndekha ndidakali moyo. Achemwali anga aja dzanja lawo n'lolemera, adzakudulani makutu."

Katarina anaseka, koyamba m'masabata ambiri, ndipo anakhala pampandopo. Pilato anameta mofatsa, lilime lili pakati pa mano monga ankachitira pomata chubu, komabe anamucheka pang'ono pamwamba pa khutu lakumanja, ndipo panatsala kachipsera. Tsitsilo analitolera lonse n'kulikwirira patsinde pa nthochi. Palibe anaona. Patapita masabata asanu ndi awiri, lole ina inamugunda Pilato pamsewu wopita ku Muloza atanyamula zinanazi, ndipo anafera pomwepo. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Kumudzi kwa Katarina maliro satha ndi kukwirira. Patapita masiku atatu abale amakumananso pabwalo la nyumba ya malemu n'kumetana. Woyamba kumetedwa ndi mkazi wa malemuyo, ndipo omumeta ndi akuchimuna. Tsitsi likagwa amamusudzula, kumuuza pamaso pa anthu kuti wamasuka, abwerere ku ntchito zake. Lisanagwe amavala zakuda, sapita kuukwati kapena kugule, ndipo saphikira anthu akunja chifukwa amati m'manja mwake mukadali imfa. Mabanja ena anazisiya kale zimenezi, ena amangodula pang'ono kuchipumi mwambo n'kutha. A kwa Pilato sanali otero. Lumo linali m'manja mwa a Rosie, mlongo wake wamkulu wa Pilato, mayi wamtali amene anathyola tiyi zaka makumi atatu osasiyapo mzere pakati.

Tsiku limenelo Katarina anakhala pamphasa atamanga duku mpaka pamwamba pa maso. Anali atangolandira kemo wachinayi, m'kamwa muli zilonda. Pabwalo panali anthu oposa makumi asanu. Mutu wake sunali utaonedwa ndi munthu aliyense kupatula Pilato, ngakhale Dyna yemwe. A Rosie anayala chitenje choti tsitsi ligwerepo, n'kutambasula dzanja kuti amasule dukulo. Katarina analigwira ndi manja onse awiri.

Manyazi analipo, inde, koma chimene chinamuumitsa manja chinali china. Ankaopa kuti akaona kachipsera kaja afunsa amene anamumeta. Akayankha, pabwalopo padzati zii, aliyense n'kumalumikiza yekha mumtima: anametedwa ngati wamasiye mwamuna ali moyo, masabata asanu ndi awiri mwamuna n'kufa. Mwini wakeyo anali atalumikiza kale choncho kambirimbiri, ndipo yankho linkatuluka lomwelo.

"Alamu, palibe choti mumete," anatero ndi mawu otsika. "Mankhwala anatenga lonse. Koma kuchipatala ati limera. Dikirani limere, mudzandimete bwinobwino."

A Simon, malume ake a Pilato, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, anayesa kuthandiza. Anati palibe chovutira, lumo lingodutsa pamutu ngakhale popanda tsitsi, mwambo uthe, mayiyu akadwale mumtendere. Akanawamvera, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Katarina anapukusa mutu dukulo ali chigwirire, ndipo a Rosie, amene ankamukonda mlamu wawo, anabweza lumo m'kapepala kake.

"Munthu akudwala, musamukakamize," anatero a Rosie. "Enanu metani. Ine ndidikira naye. Langali lidzagwa tsiku limene lake lidzagwe, asakhale yekha m'zakuda."

Anthu anayamikira. Amayi ena anagwetsa misozi poona kukoma mtima kwa a Rosie, ndipo Katarina analira kuposa onse. Palibe anaganiza kuti kudikirako kudzapitirira miyezi isanu ndi umodzi.

Anamaliza kemo mvula isanayambe. Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono, zikhadabo zimene zinada zinayera, nsidze zinamera pang'ono, ndipo pofika nthawi yokolola anali akusenza yekha matumba a nandolo. Madokotala akamuyeza ankati zonse zili bwino, khansa sikuoneka. Pamutu pokha ndi pamene panakana. M'mawa uliwonse, asanatsegule chitseko, ankatenga kagalasi kamene Pilato anamangirira pahandulo ya njinga, chinthu chokha chimene chinapulumuka pangoziyo, n'kumaunika mutu wonse mbali ndi mbali pafupi ndi zenera. Kunkhongo kunkatuluka timaubweya tingapo tofewa, tomwe tinkagwa tisanafike poti munthu n'kugwira ndi zala. Kwina konse kunali see, khungu lokhalokha.

Za mankhwala musafunse. Anapaka mafuta a nsatsi mpaka pilo kuda. Anapaka madzi a anyezi, Dyna atamva pafoni kuti amameretsa tsitsi, ndipo nyumba inanunkha mwezi wathunthu. Anagula kabotolo kolembedwa Chipwitikizi kwa wamalonda wina wochokera kutsidya kwa malire, kamene kanamutulutsa matuza. Onse amene ankamupatsa nzeru anali ndi tsitsi lawo lonse pamutu. Akumphakati ankamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye ankadekha, koma nkhonoyo sinkatulutsa maso.

Ngakhale duku lenilenilo linkamuvuta. Duku limagwira patsitsi, ndipo pamutu wosalala limatsetsereka ukangowerama. Anaphunzira kumanga awiri, lamkati lothina mpaka mitsempha ya m'mutu kugunda, ndipo ankalima, kutunga madzi, kugwada kutchalitchi dzanja limodzi lili pafupi ndi mutu. M'mwezi wa Okutobala thukuta linkatsikira m'maso. Kumtsinje ankapita anzake atachoka. Nthochi ija ya kuseri inabereka mikoko yaikulu zaka zonsezo, koma iye sanadyepo ndipo sanapatseko munthu. Zinkapsera mumtengo, mbalame n'kumadya.

A Rosie ankabwera Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kuchokera kwawo cha ku Likhubula, atanyamula timasamba ta tiyi m'kajumbo. Sankafunsa mwachindunji. Akakhala pakhonde n'kupumula, ankati, "Nanga kumunda kuja, alamu, zayamba kumera?" Katarina ankayankha kuti mvula ikadali kutali, onse n'kuseka. Chaka choyamba inali nthabwala. Chaka chachiwiri a Rosie ankafunsabe ndi mawu omwewo, Katarina n'kuyankha ndi mawu omwewo, koma panalibe woseka. Tsitsi la a Rosie, losapesa, losaluka, linali litakula n'kupotana pansi pa duku lakuda, imvi zili mbuu, ndipo ankangolikanda ndi kamtengo ka machesi. Mdzukulu wawo woyamba anachita chinkhoswe, iwo anakhala kunyumba n'kumamvera nyimbo chapatali. Sanadandaule ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho ndicho chinkamupweteka Katarina kwambiri. Akanakhala munthu wolalata, bwenzi atakangana nawo n'kupumako.

Kamodzi kokha anayesa kuthyola mwambo. Chitatha chaka, amayi a kumphakati anamulimbitsa mtima kuti zimenezi n'zachikale, Mkhristu samangidwa ndi lumo. Anaphika kalongonda tsiku lonse, madzi onse anataya monga mwa nthawi zonse, m'mawa mwake n'kupita naye kumsika ali m'zovala zake zakuda. Anthu anamulonjera bwino, kumuuza kuti wanenepa, kuti Mulungu ndi wamkulu. Akabaza anzake a Pilato anabwera kudzamupatsa moni wa m'manja, aliyense n'kukumbukira kuti wangodya kumene. Amayi a kumphakati aja anadutsa kawiri, maso ali pa tomato wa mbali ina. Msika unatha beseni lili lodzaza, ndipo kalongonda yense anakathera kukhola la nkhumba. Mkwiyo unamugwira panjira, koma sanapeze woti amukwiyire. Pakamwa pamene panati dikirani panali pake. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.

Chaka cha namondwe Freddy maliro anachuluka m'midzi ya m'munsi mwa phiri, ndipo kutchalitchi kunadzaza mitu yometa. Kwa masabata angapo Katarina sanasiyane ndi anzake, ndipo anachita manyazi kuti zimenezo zinkamupatsa kampumulo. Kenako anaona mitu ija ikuda umodziumodzi. Pofika Ogasiti ena anali atayamba kuluka timizere, pofika Khirisimasi anali atavula zakuda. Onse amene anaferedwa pambuyo pake anamupitirira.

Chaka chomwecho Dyna anabereka mwana wamwamuna. Katarina anapita ku Chinakanaka ndi sopo ndi nsalu ziwiri, mtima uli dyokodyoko. Apongozi ake a Dyna anamulandira ndi ulemu wonse, anamuyalira mphasa, anamupatsa thobwa. Koma atatambasula manja kuti alandire khandalo, mayiwo analikokera pachifuwa pawo n'kunena kuti mwana wagona, aonera pomwepo. Mwanayo anali maso gwa, akuyamwa kachala. Katarina anabweza manja ake pamiyendo, n'kunena kuti mphuno ndi ya agogo ake aamuna.

Dyna anamuperekeza mpaka kumsewu, akulira ndi mkwiyo, ndipo panjira anatulutsa nzeru ya kusaluni. Anati agule wigi yotchipa, aimate bwino, azakhali amete imeneyo, zithe.

"Bambo ako ndiwanamize ali m'manda?" anafunsa Katarina.

"Ndiye mukhala choncho mpaka liti, amayi?"

"Mpaka limere."

"Nanga likapanda kumera?"

Katarina anaimitsa minibasi imene inali itadzaza kale, n'kukwera.

Yankho linabwera m'chaka chachitatu, patsiku loyezedwa ku Blantyre. Dokotala wa tsiku limenelo anali mayi wachitsikana wa magalasi, ndipo atamaliza kuyeza pachifuwa anafunsa chifukwa chimene wavalira maduku awiri kukutentha chonchi. Katarina anayang'ana chitseko, anaona kuti n'chotseka, n'kumasula. Dokotalayo anaunika ndi katochi, anafunsa chaka chimene anamaliza mankhwala, kenako anakhala pansi.

"Mayi, ambiri limamera, namwino uja sanakunamizeni. Koma alipo ochepa amene mankhwalawa amawaphera mizu yeniyeniyo ya tsitsi. Patha zaka zitatu. Sindikufuna muzivutikanso ndi mafuta. Silimeranso."

Anawonjezera kuti chachikulu ndi moyo, kuti khansa sikuoneka, kuti mawigi abwino alipo. Katarina anathokoza mwaulemu. Sakanatha kumufotokozera kuti ku Likhubula kuli mayi wachikulire amene wakhala akukanda mutu ndi kamtengo ka machesi zaka zitatu, kudikira tsitsi limeneli. Tsopano panalibenso chobisalirako. Mawu akuti dikirani anali atatha ntchito, ndipo dukulo linayenera kumasulidwa pamaso pa a Rosie. Linali Lachiwiri, ndipo Loweruka loyamba la mwezi linali litatsala masiku anayi.

A Rosie anafika monga mwa masiku onse, anaika kajumbo ka tiyi pambali, anavula masilipasi, n'kufunsa za kumunda. Katarina sanayankhe za mvula. Anawapempha kuti apite kuseri kwa nyumba. Pafupi ndi nthochi paja anagwada, anamasula duku lakunja, kenako lamkati, n'kuwauza zimene dokotala ananena. A Rosie anayang'ana mutuwo nthawi yaitali. Maso awo, ozolowera kupeza nsonga ya tiyi pakati pa masamba ambirimbiri, sanachedwe kupeza kachipsera.

"Nanga apa anakuchekani ndani? Ili ndi lezala ili."

Apa Katarina akanatha kunama, chifukwa zipsera za pamutu aliyense ali nazo. Koma anali atatopa. Anafotokoza zonse, za Lamulungu lija, za mpando, za sopo, mawu onse a Pilato mpaka za makutu zomwe, ndi kuti tsitsilo lili patsinde pa nthochi imene aima pafupi nayoyo.

"Ndinawalola, alamu. Ndinadziwa kuti n'zolaula, koma ndinakhala pampando. Masabata asanu ndi awiri basi. Imfa ya achimwene anu ndinaitana ndine."

A Rosie anatulutsa kamtengo ka machesi, anakanda m'mutu, anakathyola pakati n'kukataya.

"Zaka zitatu," anatero. "Zaka zitatu ndikusenza chisa cha mbalame pamutu, chinkhoswe cha mdzukulu wanga ndamvera pamphepo, chifukwa cha kachipsera ngati kameneka. Mukanandiuza, alamu. Ndakwiya, ndisakunamizeni. Ndakwiya kwambiri."

Katarina anaweramitsa mutu, kudikira zotsalazo.

"Pilato anaphedwa ndi lole," anapitiriza a Rosie. "Lole ilibe makutu omvera za lezala. Ndiye anati dzanja langa n'lolemera, eti?"

"Anatero."

"Chitsiru. Kundilanda ntchito anayamba ali mwana." Misozi inali ikutsika tsopano, ndipo sanaipukute. "Ndiye kuti munametedwa kale, ndi wakuchimuna weniweni. Ife takhala pasiteji kudikira basi yoti inadutsa kale."

Mwambo unachitika Loweruka lotsatira, anthu ali ochepa, a Simon ali pampando. A Rosie anayala chitenje chomwe chija, anadutsitsa lumo pamutu wa Katarina kuyambira kuchipumi mpaka kunkhongo, katatu, ndipo pachitenjepo sipanagwe kanthu. Anakachikutumulabe patsinde pa nthochi. Kenako anakhala pansi iwo, ndipo tsitsi lawo linafuna sizasi kaye, kenako malezala atatu. A Simon ananena mawu aja, kuti mayiyu wamasuka, abwerere ku ntchito zake, aphike anthu adye. Katarina anadikira kuti amve kupepuka mumtima. Anangomva mphepo pamutu.

Lolemba anakoleza moto mbandakucha. Anawiritsa, anataya madzi, anasenda, anawiritsanso, ndipo manja anakumbukira zonse okha. M'mawa mwake anavala kapulana, chitenje cha ku Mozambiki, wa maluwa ofiira amene Pilato anamugulira kutsidya, yemwe anagona m'sutikesi zaka zitatu, n'kumanga duku limodzi lokha, lotayirira, monga amamangira munthu womasuka. Anasenza beseni pankhata n'kuyenda mpaka pansi pa mango paja. Wakabaza wina, mnzake wa Pilato, anathamanga kudzamutula. Pokweza besenilo nkhata inakakamira kunsi kwake, nkhatayo inakoka duku, ndipo dukulo linagwera m'fumbi.

Akabaza, amene ankadziwa nkhani yonse, anayang'ana kumbali. Koma panali mayi wina wachilendo amene anali atangotsika panjinga kuchokera kumalire, ndipo anali atafika kale pabeseni ndalama ili m'manja. Anaona mutu wonyezimirawo, wooneka ngati lumo ladutsa dzulo. Anabweza dzanja lake pang'onopang'ono, n'kupinda mawondo mwaulemu.

"Pepani, mayi, pepani ndithu. Mwataya ndani?"

"Amuna anga," anatero Katarina. "Koma ndi kale, patha zaka zitatu. Tinameta, tinamaliza."

Mayiyo anayang'ananso mutuwo, anayang'ana beseni, n'kumanga ndalama ija pansonga ya chitenje.

"Mulungu akutonthozeni," anatero, n'kupita kukagula chinangwa mbali ina.

Katarina anaima pomwepo, dzuwa likumuwotcha pamutu. Anadziwa kuti mwezi usanathe mutu wa a Rosie udzakhala utaphimbika, ndipo palibe adzawafunsenso kanthu. Wake udzakhala ukuuza mlendo aliyense kuti maliro anali dzana, chaka chino, chaka chamawa, mpaka tsiku limene adzamumangire nsalu yomaliza. Zinamupweteka kuposa mpeni wa ku Blantyre, ndipo panalibenso mwambo wina wotsala woti amuchitire.

Anatola dukulo, analikutumula, koma sanalimange. Anavundukula beseni, anapakulira m'kambale, anathira mchere ndi tsabola, n'kudya supuni yoyamba yekha, pang'onopang'ono, kuti msika wonse uone, popeza wolawa wa boma uja kunalibe. Kenako anakhala pansi kudikira.